Chikwama chopepuka chotchipa chikamakuphwanyani mapewa n'kumathothoka malamba

Lamba wa kuphewa lakumanja anathothoka tili pakati pa chitunda, tsiku lachiwiri la ulendo wa masiku anayi. Ndinangomva kuti thee kuseri kwa khutu, chikwama n'kupendekera kumanzere. Usiku umenewo ndinamusoka ndi ulusi wotsukira m'mano, tochi ili kukamwa, ndipo ulendo ndinaumaliza. Nditabwerako telala anamusokanso ndi makina, mwaukhondo ndithu. Ulendo wotsatira msoko wa telala unagwira, koma nsalu inang'ambika pambali pomwepo, chala chimodzi pamwamba pa msokowo. Ulendo wachitatu anathothoka lamba winayo. Maulendo onse atatuwa ndinkafika kunyumba mapewa akuwawa ngati andimenya, zala zitachita dzanzi.

Zinanditengera nthawi kuti ndione kuti kuwawa kwa mapewa ndi kuthothoka kwa malamba ndi nthenda imodzi. Katundu yense ankalendewera pa timisoko tiwiri tapamwamba, ndipo timisokoto tinkalendewera pa mapewa anga. Ndikasoka pothothokapo ndinkangosamutsa malo oti pang'ambike. Ngati inunso mwasoketsa lamba kawiri kapena katatu, musapitenso kwa telala musanawerenge izi, chifukwa vuto lili m'munsi, kuchiuno.

Chimene anachotsamo kuti chipepuke

Chikwama chokwerera mapiri chabwino chili ndi ntchito imodzi yaikulu: kutsitsa kulemera kwa katundu kuchoka pamapewa kupita pa mafupa a m'chiuno, komwe miyendo imakulandira. Kuti zimenezi zitheke pamafunika zinthu ziwiri zogwirizana. Choyamba ndi felemu, chinthu cholimba choimirira kumsana kwa chikwama. Chachiwiri ndi lamba wa m'chiuno yemwe felemuyo imakhazikikapo. Nzeru imeneyi si yakale kwambiri. Dick Kelty anayamba kugulitsa zikwama za felemu ya aluminiyamu yoonekera kunja mu 1952 ku California, ndipo Greg Lowe anapanga cha felemu yobisika mkati mu 1967. Zikwama zikuluzikulu zambiri za masiku ano zimatsata njira ya Lowe.

Tsono felemu ndi lamba wokhuthala zimalemera, komanso zimadula kupanga. Wopanga chikwama chotchipa akafuna kulemba pachikuto kuti n'chopepuka, zoyamba kuchotsa ndi zomwezi. Chotsala ndi thumba la nayiloni lokhala ndi malamba awiri, kuwonjezapo kalamba kopyapyala ka m'chiuno kongoti chikwama chisamagwedezeke. Walira mvula walira matope: mwapeza kupepuka, mwataya msana.

Sikuti chikwama chopanda felemu n'choipa. Alipo anthu amene amayenda nacho miyezi, koma katundu wawo amakhala wochepa zedi. Ambiri amene amazigwiritsa ntchito amagwirizana kuti malire ake ali cha pa makilogalamu 9 kapena 10, madzi ndi chakudya zili momwemo. Kupitirira apo thumba limapindika pakati, mtunda wa pakati pa malamba a kuphewa ndi lamba wa m'chiuno umafupika, ndipo katundu yense amabwerera kumapewa.

Choncho chida choyamba ndi sikelo, osati singano. Longedzani monga mumalongedzera pa ulendo weniweni, mabotolo atadzaza. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo anthu ambiri amaiwala kuiwerengera. Kwerani pasikelo mutabereka, mukwerenso mutatula, muchotsere. Ine nditachita zimenezi ndinapeza makilogalamu 15 m'chikwama chomwe ndinkati ndi cha 10. Ngati mwapeza zoposa 14 kapena 15, kunena zoona zonse zili m'munsimu zingokuchepetserani ululu koma sizithetsa. Chepetsani katundu, apo ayi sungirani ndalama chikwama cha felemu yeniyeni. Ngati muli pakati pa 9 ndi 13, chikwama chanucho chikonzeka.

Kenako yesani izi muli chiimire pafupi ndi galasi. Mangani lamba wa m'chiuno, mumasule malamba a kuphewa pang'onopang'ono. Chikwama chokhala ndi msana chimatsalira chiimirire pachiuno, n'kungopendekera kumbuyo pang'ono. Chopanda msana chimakhwinyata, n'kutsetsereka mpaka kumatako, mapewa n'kumva kulemera konse monga poyamba. Mukaona khwinya lopingasa pakati pa nsalu ya kumsana, nthenda mwaipeza.

Kuchipatsa msana

Njira yosawononga kanthu ndiyo kugwiritsa ntchito kamatiresi kogonapo ka siponji youma, kaja kosamwa madzi. Ngati ndi kopinda, kapindeni kafanane ndi m'lifupi mwa chikwama n'kukaimika mkati, kumbali ya msana wanu. Ngati ndi kokulunga, kalowetseni kali kokulunga n'kukasiya kuti kafutukuke kokha mpaka katsamire m'mbali monse ngati mgolo, katundu n'kumuika pakati. Njira yachiwiriyi imalimbitsa kwambiri koma imadya malo, ndiponso imapangitsa chikwama kukhala chobulungira, moti chimagubuduka pamsana. Ine ndimakonda yoyamba. Zonse ziwiri zimagwira ntchito pokhapokha katundu atapanikizana kuti thi, malamba a m'mbali atakokedwa. Chikwama chopanda felemu chikakhala cholobodoka, siponji yokha singachiimike.

Katundu akafika makilogalamu 11 kapena 12 siponji imagonja. Apa pamafunika pulasitiki yolimba. Ija ya mizeremizere mkati, yomwe amalembapo zikwangwani, ndi yabwino chifukwa siilemera ndipo imadulika ndi mpeni. Duleni mizere yake itaimirira, kuchokera pamwamba kupita pansi; mukaidula mizere itapingasa ipindika tsiku lomwelo. Makona onse anayi muwadule mobulungira ndi kuwamata tepi, chifukwa kona yakuthwa imaboola nsalu ya pansi mwakachetechete. Zikwama zambiri zili ndi thumba lamkati la kumsana loikamo chotengera madzi, ndipo pulasitikiyo imalowa bwino mmenemo. Pakati pa pulasitiki ndi msana wanu pakhale siponji yopyapyala.

Pali cholakwa chimodzi chimene ndinachita, ndipo ndaona enanso akuchichita: kudula pulasitiki yaifupi. Felemu iyenera kuyambira pansi penipeni, kuseri kwa lamba wa m'chiuno, mpaka kufika pamene malamba a kuphewa asokedwa, kapena kupitirirako pang'ono. Ikaperewera ngakhale ndi masentimita 5, chikwama chimapindikira pompo pamene yathera. Iyeneranso kukhala yothina m'thumba lake. Ngati ikuyendayenda, sokani kalamba pamwamba pa thumbalo koikanikizira pansi, kokhala ndi Velcro, tinsalu tija tomatirana tokha n'kumamatuka mukakoka, kuti muzitha kuichotsa pochapa.

Wofuna kupitirira apo awonjezere kachitsulo kaphanthiphanthi ka aluminiyamu, ka mamilimita 20 m'lifupi ndi 3 kukhuthala. Kotalika masentimita 50 kamalemera pafupifupi magalamu 80 basi. Kapaleni kumapeto konse kuti kasakhale kakuthwa, kapindeni pang'onopang'ono pa bondo kapena m'mphepete mwa tebulo motsata msana wanu, mnzanu akukayerekeza pamsanapo: kolowa mkati cha m'chiuno, kotuluka cha kumapewa. Kenako kamatireni pakati pa pulasitiki ija ndi tepi yolimba, kapena kasokereni kathumba ka lamba. Kunsi kwake kukhale m'kathumba ka nsalu yokhuthala yopinda kawiri. Mukanyozera zimenezi kadzatulukira pansi pa chikwama muli kutali ndi kwanu.

Lamba wa m'chiuno, ndi kutalika kwa msana wanu

Felemu yopanda pokhazikika ndi yachabe. Kalamba kopyapyala ka mamilimita 20 kapena 25 kamene kamabwera ndi zikwama zotchipa kakamangitsidwa kamangodula mimba. Pamafunika lamba wa mapiko a siponji, otambalala masentimita 8 mpaka 10, ofika kutsogolo kwa mafupa a m'chiuno. Njira yachidule ndiyo kuchotsa lamba pa chikwama china chakale chomwe nsalu yake inatha. Mukhozanso kusoka nokha mapiko awiri, siponji youma mkati, nsalu kunja, lamba wa mamilimita 38 pamwamba. Siponji yofewa ya m'mapilo musaiyese n'komwe, imaphwa ola limodzi lisanathe ndipo imamwa thukuta.

Polumikiza, lamba wathunthu wodutsa kuseri kwa chikwama amaposa mapiko awiri osokedwa m'makona, chifukwa m'makonamo nsalu imakokedwa mbali imodzi ndipo imang'ambika. Sokani chigamba chachikulu cha nsalu yolimba kunsi kwa msana wa chikwama, m'mwamba ndi m'munsi mokha, m'mbali musiye potseguka kuti lamba adutsemo. Mkati mwake ikani Velcro kuti lambayo asamatsetsereke. Ubwino wake wina ndi woti mutha kumukweza kapena kumutsitsa pang'ono.

Zimenezi zikutifikitsa pa chinthu chimene ambiri sachiyeza pogula, kutalika kwa msana. Sikuyendera limodzi ndi kutalika kwa munthu; wamtali akhoza kukhala wa miyendo yaitali koma msana waufupi. Weramitsani mutu, mugwire fupa lotukuka pamene khosi lakumana ndi mapewa. Ikani manja m'chiuno pamwamba pa mafupa aja, zala zazikulu zitaloza kumsana. Mnzanu ayeze ndi tepi kuchokera pa fupa la pakhosi mpaka pa mzere wa pakati pa zala zazikuluzo. Akuluakulu ambiri amapezeka pakati pa masentimita 40 ndi 55. Pa chikwama, yezani kuchokera pakati pa lamba wa m'chiuno mpaka pamene malamba a kuphewa achokera.

Mukabereka, lamba atakhala pa mafupa a m'chiuno, malamba a kuphewa achokere molingana ndi pamwamba pa mapewa anu, kapena masentimita 2 mpaka 5 m'munsi mwake. Akachokera pansi kwambiri, cha pakati pa msana, ndiye kuti chikwama n'chachifupi kwa inu, ndipo mapewa adzasenza katundu ngakhale mutaika felemu yachitsulo. Zikwama zotchipa zambiri zimabwera mu saizi imodzi, kawirikawiri yaifupi. Kuperewera kwa masentimita 3 kapena 4 kumakonzeka potsitsa lamba wa m'chiuno kuti alendewere pang'ono kunsi kwa chikwama, felemu itatalikitsidwa kumufikira. Kupitirira apo, chipatseni munthu wamsana waufupi. Kusamutsa malamba a kuphewa n'kotheka, koma kumafuna kuphwasula msana wonse wa chikwama, ndipo mabowo a singano akale amatsala akufooketsa nsalu.

Za timalamba tiwiri tapamwamba pa mapewa, tokokera chikwama kufupi ndi thupi: timagwira ntchito ngati felemu yapitirira mapewa, kuti tikwere mopendekera, cha pa madigiri 45. Pa chikwama chopanda felemu ndi tokongoletsa chabe, ndipo mukatikoka kwambiri timangokwinya pamwamba pa chikwama. Kalamba ka pachifuwa kokha ndi kothandiza. Kakhale zala ziwiri m'munsi mwa mafupa opingasa a pansi pa khosi, kosathina moti n'kulepheretsa kupuma. Dzanzi la m'manja limabwera malamba akamapanikiza mitsempha yodutsa pakati pa khosi ndi phewa. Likamatha mukangotula chikwama, konzani malamba. Likakhala masiku, kapena mkono ukafooka, pitani kuchipatala.

Tsopano kusoka, koma kusoka kwake

Katundu akatsikira m'chiuno malamba a kuphewa amapuma, koma ngati anayamba kale kuthothoka ayenera kulimbitsidwa. Tembenuzani chikwama kunja kukhale mkati muone mmene anasokera. Pa zotchipa zambiri mupeza kuti lamba anangolowetsedwa mu msoko masentimita osakwana awiri, n'kudutsidwa ndi mzere umodzi wa ulusi. Nthawi zina nsalu ya m'mphepete sinakulungidwe n'komwe, ikuyoyoka ulusi.

Telala wanga uja analakwitsa chifukwa cha khama. Anabwereza makina pamalo amodzi kambirimbiri ndi timisoko tating'ono tothithikana. Pa nsalu yokhuthala zimenezi zimalimbitsa, koma pa nayiloni yopyapyala zimaboola mzere wa timabowo toyandikana, ngati pepala la lisiti lopangidwa kuti lizing'ambika mosavuta. Ulusi unalimba kuposa nsalu, nsalu n'kugonja.

Chofunika ndi kumwaza mphamvu pamalo aakulu. Dulani chigamba cha nsalu yolimba, monga Cordura kapena nsalu ya pansi pa chikwama chakale, chachikulu ngati chikhatho, makona obulungira. Chiikeni mkati, kuseri kwa pamene lamba wachokera. Ngati lambayo ndi wamfupi, mulumikizeni ndi kachidutswa ka lamba wina kuti agone pa chigambacho masentimita 5 kapena 6. Sokani zonse pamodzi, lamba, nsalu ya chikwama ndi chigamba, msoko wa bokosi wokhala ndi mtanda pakati. Kenako zungulizani msoko wina m'mphepete mwa chigamba. Kamsoko kalikonse, kuchokera pa bowo la singano kufika pa linzake, katalike pafupifupi mamilimita 3. Ulusi ukhale wa poliyesitala kapena nayiloni; wa thonje umamwa madzi n'kuola. Pa makina a m'nyumba singano ya 90/14 kapena 100/16 imakwanira. Posoka pamanja gwiritsani msoko wobwerera m'mbuyo, ndipo pokhuthala kokani singano ndi pulayazi m'malo movutitsa zala.

Musaiwale kumunsi kwa malamba omwewo, pamene amalumikizana ndi makona a pansi pa chikwama. Pa chikwama chabwino pamakhala kansalu ka makona atatu kolandira lambayo kuti akokedwe molunjika. Pa chotchipa lamba amangotuluka mu msoko, n'kumakokedwa mopingasa. Mukaona ulusi ukuoneka ngati mano pamenepo, ikaniponso chigamba musanapite kulikonse. Lamba aliyense amene mwadula muwaule kumapeto ndi moto wa kandulo kuti asayoyoke, koma osagwira ndi chala pakadali potentha, nayiloni yosungunuka imamatirira pakhungu.

Vuto lina laling'ono koma lotopetsa ndi malamba omasuka okha mukuyenda, moti mphindi khumi zilizonse mukukoka. Yambani mwaona ngati lamba analowetsedwa bwino m'kapulasitiki komangira, chifukwa kakatembenuzidwa sikagwira. Ngati ali bwino, ndiye kuti lambayo ndi woterera kapena wopyapyala kuposa mpata wa kapulasitikiko. Sinthani lambayo ndi wokhakhala wa m'lifupi momwemo. Tomangira tosweka timasinthika mosavuta, bola muyeze m'lifupi mwa lamba musanagule: mamilimita 20, 25, 38 kapena 50. Tilipo tina tokhala ndi sikuluwu kapena mpata m'mbali, tolowa popanda kuphwasula msoko, ndipo kamodzi kotere n'koyenera kuyenda nako.

Kalongedzedwe kamathanso kuwononga ntchito yonseyi. Zopepuka zodya malo, monga chofunda chogonamo, zipite pansi. Zolemera, madzi, chakudya ndi zophikira, zikhale pakati, zitatsamira kumsana. Zovala zitseke mipata kuti pasakhale chogwedera. Cholemera chikakhala kutali ndi msana chimakukokerani chagada, inu n'kumawerama kuti mulimbane nacho, khosi n'kuuma. Tenti yomangirira kunja kumunsi, yomalendewera n'kumamenya ntchafu, imakoka misoko pa sitepe iliyonse. Ilowetseni mkati, mapolo ake muwaimike m'thumba la m'mbali.

Zipi ndi mvula

Zipi ikamatseguka kumbuyo mukuitseka, anthu amathamangira kunena kuti yatha. Kawirikawiri mano amakhala ali bwino, chatha ndi kamutu koyendetsa, komwe kayasamula chifukwa cha kukokedwa. Kabwezeni koyambira, mukafinye pang'ono ndi pulayazi kumbuyo kwake, mbali iyi kenako inayo, n'kuyesa. Pang'ono zedi, chifukwa chitsulo chake n'chosachedwa kusweka. Kakakana, gulani kamutu kena ka nambala yomweyo. Nambalayo, monga 5, 8 kapena 10, nthawi zambiri imalembedwa kuseri kwa kamutuko, ndipo imayandikira m'lifupi mwa mano otsekedwa m'mamilimita. Mchenga ndiwo umadya timitu timeneti, choncho tsukani zipi ndi mswachi wakale mukabwerako. Koma ngati zipi yaikulu ndiyo imagwira katundu yense mukadzaza, idzaphulikabe. Sokani malamba awiri opingasa pamwamba pake kuti mphamvu ipite kwa iwo.

Za mvula ndinena mwachidule: musalimbane ndi kuti chikwama chotchipa chisalowe madzi. Ngakhale nsalu itakhala yosalowa madzi, amalowera m'mabowo a singano ndi m'zipi. Chovindikira chakunja chimasiya kumsana poyera, ndipo mphepo ikakula chimauluka. Jumbo yaikulu yokhuthala, ya mtundu wotayiramo zinyalala, ndiyo yankho. Iikeni mkati, mulongedzemo zonse zosafunika kunyowa, mufinye mpweya, mupotokole kukamwa n'kupindira pansi. Pansi pa chikwama pakhale kabowo kotulukira madzi olowa.

Mukaona mkati mwa chikwama mukunyeta, mukusupuka timapepala toyera ndiponso mukununkha, ndi utoto wa polyurethane umene ukuwonongeka ndi chinyezi. Izi zimafulumira chikwama chikasungidwa chonyowa. Nsaluyo imakhala ikadali yolimba. Palani zosupukazo, muchape, mudalire jumbo ija. Poika chigamba chomata pa bowo, dziwani kaye mtundu wa nsalu. Yoterera mbali zonse ziwiri imakhala yopakidwa silikoni, ndipo palibe tepi wamba kapena guluu wamba amene amagwirapo, koma wa silikoni yemweyo.

Lumo libwere pomaliza

Anthu ambiri akangogula chikwama chotchipa amayamba ndi kudula: malamba otalika, timatumba, chivindikiro cha pamwamba, zolembalemba. N'zosangalatsa, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo, sindikana. Koma yezani zimene mwadulazo. Mita yathunthu ya lamba wa mamilimita 25 kawirikawiri sipitirira magalamu 30, kulemera kwa madzi omwa kamodzi kapena kawiri. Felemu ndi lamba wa m'chiuno zimene ndinawonjezera zinalemeretsa chikwama changa ndi magalamu pafupifupi 300, koma pamsana chinamveka chopepuka kuposa kale.

Ine ndinadula malamba a m'mbali tsiku lomwe ndinagula, poganiza kuti ndi zokongoletsa. Ndi omwe aja ofunika kupanikiza katundu kuti chikwama chiime. Ndinachita kuwasokanso. Ndinafupikitsanso lamba wa m'chiuno nditavala malaya okha, tsiku lozizira nditavala majuzi awiri n'kupeza sakufika. Ndiye yendani nacho maulendo awiri kapena atatu kaye. Chilichonse chimene simunachigwire, chimangeni kaulusi kofiira. Zokhala ndi ulusi wofiira maulendo onsewo ndizo zodula, ndipo podula lamba siyani masentimita 10 opitirira pamene mumamangira mutavala zonse, kumapeto mupinde n'kusoka kuti asamapulumuke m'chomangira.

Kulemera kwenikweni kumachoka mu zimene mwalongedza. Emma Gatewood anayenda njira yonse ya Appalachian Trail ku America mu 1955, makilomita opitirira 3,000, ali ndi zaka 67, atanyamula thumba la nsalu ya jinzi losoka yekha paphewa limodzi, katani ya pulasitiki ya kubafa ili yodzitetezera ku mvula. Sindikunena kuti mumutsanzire, mapewa anga sangalole. Koma thumba lake linapirira chifukwa munalibe zambiri.

Ngati simunagule

Zonsezi zimaphweka ngati chikwamacho chinasankhidwa ndi maso. Kwa ine choyamba ndi kutalika kwa msana, chifukwa ndi chokhacho chovuta kukonza. Pitani ndi tepi. Kenako tembenuzani muone misoko, ngati m'mphepete mwake anakulungamo kansalu ndiponso ngati malamba alowa mokwanira. Kokani lamba wa kuphewa mwamphamvu mukuyang'ana msoko: ukayasamula n'kuonetsa ulusi, mukudziwa kale ntchito imene ikukudikirani. Sankhani chotsekera pamwamba ndi chingwe kapena chopinda, chifukwa chilibe zipi yaikulu yoti ife. Thumba lamkati la kumsana likhalepo, ndi malamba a m'mbali osachepera awiri mbali iliyonse.

Nambala yokhala ndi D imene amalemba, monga 70D, 210D kapena 420D, ndi denier, kulemera m'magalamu kwa ulusi wotalika mamita 9,000. Ikakula, ulusi ndi wonenepa. Nsalu ya 210D yokhala ndi timabokosi toletsa kung'ambika imakwanira thupi la chikwama. Ya 70D kutsika pansi imafuna kusamala pa miyala ndi minga, ndipo pansi pake mudzafunika kusokapo nsalu ina. Malita olembedwa pachikuto musawakhulupirire msanga. Yezani kutalika, m'lifupi ndi kuya m'masentimita, muchulukitse, mugawe ndi 1,000. Cha 50 ndi 30 ndi 20 ndi malita 30, ngakhale atalembapo 45. Ndipo chikwama cha kampani yodziwika chogwiritsidwapo kale ntchito, chokhala ndi felemu yake, nthawi zambiri chimaposa chatsopano chotchipa, bola mununkhize mkati ndi kupinda siponji ya malamba kuti muone ngati ikadali ndi moyo.

Mukamaliza kukonza, musakayesere kuphiri. Dzazani mabotolo a madzi okwana kulemera kwa ulendo wanu, kuwonjezapo makilogalamu awiri, muwakulunge m'zovala n'kulongedza. Mangani lamba wa m'chiuno poyamba, kenako a kuphewa mongoti chikwama chitsamire kumsana, pomaliza ka pachifuwa. Yendani ola lathunthu pokwera ndi potsika, mudumpheko kangapo. Chala chizitha kulowa pakati pa lamba ndi pamwamba pa phewa popanda kulimbana. Mukatula, tembenuzani chikwama muunike misoko yatsopano ndi tochi kuchokera kuseri: timabowo ta singano tikaoneka totalika ngati misozi m'malo mobulungira, nsalu ikukokedwabe pamenepo, ndipo chigamba chikufunika chokulirapo.